Khumi pa Khumi

Aphunzitsi a fizikisi ana ankawatcha a Pendulamu, chifukwa pophunzitsa ankangoyenda, kukhomo, kuzenera, kukhomo, kuzenera, mpaka belu kulira. Lachisanu lililonse ankamata pakhoma pepala la malikisi a homuweki, ndipo temu imeneyi pepalalo linali lonyaditsa. Ana makumi anayi, onse khumi pa khumi. Ngakhale aja akumbuyo, osadziwa n'komwe kuti batire lili ndi mbali ziwiri, anali atasanduka akatswiri. Kusitafu a Pendulamu ankauza anzawo kuti kuphunzitsa n'kobadwa nako.

Wodetsa pepalalo anali mmodzi, mtsikana wa benchi yakutsogolo amene anzake ankamutcha Kafunso. Sabata yatha anapeza ziwiri, sabata inayo chimodzi. Lamulo la ahedi linali losapsatira: wolephera kufika theka masabata atatu otsatizana achoke m'kalasi ya fizikisi, akaone zina. Kafunso anali atatsala ndi Lachisanu limodzi.

Lolemba kunabwera mayi ake, telala, tepi yoyezera idakali m'khosi.

"Aphunzitsi, mwanayu amakhala pa buku mpaka chakudya kuzizira. Akuti akufuna uinjiniya."

"Mayi, kufuna tonse timafuna," anatero a Pendulamu. "Inenso ndinkafuna kuyendetsa ndege. Mutu ukakana wakana. Bwanji osangomuphunzitsa kusoka?"

Mayiwo anathokoza n'kumapita. Chomwe ankathokoza, kaya.

Lachitatu a Pendulamu anaweruka msanga. Kunyumba anapeza mwana wawo wamkazi, wa kalasi yomweyo, atayala patebulo kope lawo lachikasu la mayankho, limene analemba zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Foni ili m'manja, akujambula tsamba ndi tsamba, kutumizira anzake.

"Ndiye ukatswiri wa kalasi yanga ndi umenewu?"

"Adadi, onse amandipempha. Kupatula Kafunso, uja amadzimva."

A Pendulamu anapsa mtima. Pofuna kumuchititsa manyazi anatenga buku la mafunso. "Khala apa. Funso loyamba, liwiro la njinga. Uone mmene munthu amawerengetsera."

Anawerengetsa, yankho linatuluka 6. Kope lachikasu likuti 15. Anabwereza, 6 yemweyo, osasuntha. Anatembenuza bukulo n'kuyang'ana chikuto. Linali latsopano, lija sukulu inagula kumayambiriro kwa temu. Mafunso omwewo, zithunzi zomwezo, njinga yomweyo, koma manambala onse osinthidwa. Iwo ankangochonga ndi kope lakale, funso osaliwerenga. Katswiri n'kuwerengeranji funso?

Ndiye kuti ana makumi anayi ankayankha mafunso amene kulibenso, mmodzi yekha ndiye ankayankha amene alipo, ndipo ameneyo ndiye anali pakhomo lotulukira. Manyazi anawagwira. Mwanayo anawafunsa ngati apitirize ndi funso lachiwiri, iwo anangoti achotse mabuku patebulo.

Lachinayi anafika pachitseko cha ahedi, anakweza dzanja, n'kulibweza m'thumba. Akanena kuti chiyani? Kuti pepala lonse lija n'labodza, ndipo gwero lake ndi tebulo la kunyumba kwawo? Ayi, panali njira yaulemu. Sabata ino achonga kope la Kafunso ndi mayankho enieni, apeze khumi ake, akhale m'kalasi, nkhani ithere pomwepo popanda wina kutuluka thukuta. Anadziyamikira ndithu kuti ali ndi mtima wabwino.

Lachisanu m'mawa anatolera makope, anadzitsekera m'kachipinda ka zipangizo, pakati pa mawaya ndi masikelo afumbi, n'kuyamba ndi la Kafunso.

Funso loyamba, 15.

Lachiwiri, yankho la m'kope lachikasu. Lachitatu chimodzimodzi, mpaka lakhumi. Pepala linali litapyapyala ndi kufufuta, ndipo pansi pa 15 pankaonekabe 6 wozilala. Kumapeto mtsikanayo analemba timawu ting'onoting'ono: "Aphunzitsi, ndasiya makani. Chonde musandichotse."

A Pendulamu anatenga cholembera chofiira. Akachonga ndi mayankho enieni, mwanayu apeza ziro, ndipo Lolemba sadzakhalanso pa benchi yakutsogolo. Panja ana anali atayamba kale kuunjikana pakhoma, kudikira pepala lawo.

Anachonga kakhumi. Pamalo a ndemanga ya mphunzitsi analemba kuti, "Tsopano wayamba kumvetsa."