Mayi Wotchedwa Odi

Fatu sanagonjepo pa nkhani ya mtengo. Mumsika waukulu wa m'tauni, momwe ankagulitsa zitenje, anzake ankati mayi ameneyu adzanenerera ngakhale nsalu ya maliro ake. Puloti ya ku Chinsapo, kumapeto kwenikweni komwe msewu umathera m'minda ya chimanga, anainenerera miyezi itatu mpaka mwini wake anatopa yekha.

Ku Kawale ankakhala m'chipinda chimodzi cha lendi, chimbudzi chimodzi mabanja asanu, alandilodi maso ali pampopi. Ku Chinsapo anamanga nyumba yawoyawo: zipinda zitatu, mpanda wa njerwa, mapapaya kuseri, nkhuku zikupalasa momwe zifunira. Mwana akanatha kuthamanga osagunda mbaula ya munthu.

"Pano palibe wondigogodera," Fatu ankatero, manja m'chiuno.

Koma Kawale anali ndi chake. Kumeneko msika unali wa miyendo. Ku Chinsapo minibasi ukaiphonya ya mbandakucha, ndiye kuti makasitomala ako agula kale kwa ena. Mwamuna wake Kassimu, wowotcherera zitsulo ku Kanengo, ankakwera minibasi ziwiri kupita, ziwiri kubwera. Nyumba yokongola ija ankaiona padzuwa Lamulungu lokha.

Mwana wawo Aliya anayamba kutsokomola asanakwanitse chaka. Ku chipatala cha Likuni anati mphepo ya m'mawa ndi fumbi la mumsika zileke. Ndiye Fatu anapita kukapempha womusungira mwana pakhomo loyandikana ndi lawo, kwa Mabel, mkazi wa a Kings, Atumbuka a ku Rumphi, anthu oimba nyimbo za tchalitchi ngakhale akutsuka mbale.

"Nkhumba ayi. Kutchalitchi ayi. Zina zonse mudziwa nokha," anatero Fatu.

"Mayi Aliya, mwabwera kudzapempha kapena kudzalamula?" Mabel anaseka, manja atatambasula kale.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse Fatu ankamumasula mwana ali mtulo n'kumupereka. Madzulo ankaima pakhomo la Mabel, mapazi ali mbuu, n'kukuwa kuti, "Odi!" Ndipo m'nyumbamo Mabel ankati, "Aliya, wamva? Odi uja wabwera."

Chaka chinatha chotero.

Lamulungu lina Fatu akuchapa, Aliya anagwa pakhonde n'kudzisupula bondo. "Amama! Amama!" analira. Fatu anataya sopo n'kuthamanga, koma mwanayo anamulambalala ngati chitsa, ulendo wa kugeti.

Kassimu anamugwira n'kumunyamula. "Amama ako si awa?" anatero akuloza Fatu. "Awa ndani?"

Aliya anayang'ana, misozi ili mbwee. "Odi."

Kassimu anaphulika kuseka. Atayang'ana nkhope ya mkazi wake, kusekako kunamuthera pakhosi.

Fatu sanatsukuluze ndi manja omwe. Anakafika kwa Mabel thovu lili m'zigongono.

"Ndinakupatsani mwana kuti mundisungire, osati mundilande!"

"Khalani pansi, mayi Aliya."

"Sindikhala. Amama n'chiyani? Kwathu ku Mangochi kulibe amama."

"Ine ndimamuuza tsiku lililonse kuti amayi ako ali kumsika," Mabel anayankha mofatsa. "Mwana wanga Chiku amati amama, nayenso wangotengera. Nanga ndimumenye? Mwana amatchula chimene akumva, anzanga. Inu mawu anu amene amawamva ndi ati?"

Fatu anatembenuka n'kubwerera ku zochapa zake.

Anaganiza zochita chimene ankachidziwa. Mawa lake anabwera ndi mandasi otentha, nagwada pamaso pa mwanayo.

"Nena kuti amayi, ndikupatsa."

Aliya anayang'ana mandasi.

"A-ma-yi. Nena kamodzi kokha. Chabwino, awiri onsewa ako. Ungoti ma. Ma basi!"

Anatsitsa mtengo mpaka pansi, zimene sanachitirepo kasitomala aliyense. Aliya anatenga mandasi onse awiri, napinda maondo mwaulemu n'kuthokoza m'Chitumbuka monga anamuphunzitsira Mabel.

"Yewo, Odi."

Fatu anadziuza kuti nkhaniyi aikonza ikatha nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati, pamene zitenje zimayenda ngati madzi. Azidzaweruka masana. Azidzamusambitsa yekha. Nyengo ija isanathe, a Kings anawasamutsira ku Mzuzu kuntchito kwawo.

Lole inabwera Lamulungu m'mawa. Atakweza mipando ndi matumba, Mabel anakokera Fatu pambali.

"Phala safuna lotentha, muzimuuzira kaye. Akayamba kukanda m'mutu ndiye kuti tulo tabwera. Ndipo sagona popanda kumusisita khutu, lakumanzereli, pang'onopang'ono."

"Khutu?"

"Khutu."

Fatu ankadziwa chitenje chenicheni ndi chonamizira pongochikhudza ndi chala. Za khutu la mwana wake ankazimva tsiku limenelo, kwa munthu wokwera lole.

Injini italira, Aliya anazindikira. Anadzigwetsa pafumbi, nadzuka, nathamangira lole ija. "Amama! Amama!" Mabel anafunditsa nkhope ndi chitenje, chimodzi mwa zomwe Fatu anamupatsa. Fatu anamugwira mwanayo m'chiuno. Aliya anamumenya pachifuwa ndi tizibakera, namuluma padzanja.

"Ndisiye, Odi! Odi, pita kwanu!"

Azimayi a m'makomo ena anali pamageti awo. Palibe anaseka. Bola akanaseka, Fatu akanapeza womutukwana.

Lolemba sanapite kumsika, koyamba chisamukire ku Chinsapo. Aliya anakana phala ngakhale Fatu analiuzira. Anakakhala pakhonde la nyumba yotseka ija, akusuzumira pansi pa chitseko. Fatu anakhala naye pomwepo mpaka dzuwa linapendeka. Mwanayo atayamba kukanda m'mutu, Fatu anatambasula dzanja n'kugwira khutu lakumanzere. Aliya analikankha. Anayesanso. Ulendo wachitatu mwanayo analola, nagona atatsamira ntchafu yake, akusisima. Fatu sanasunthe ngakhale mwendo unachita dzanzi.

Lachiwiri anadya masipuni anayi. Lachitatu anamulola kumusambitsa. Tsiku lomwelo foni inalira. Anali Vaileti, mnzake wa benchi loyandikana.

"Iwe Fatu, wamwalira kodi? Pali mayi wina wayamba kale kuyala nsalu zake pamalo pako. Ukapanda kuoneka mawa, usadzati sindinanene."

Madzulo Fatu atamuuza, Kassimu anangoweramitsa mutu. Onse ankadziwa kuti zitsulo zokha sizingadyetse nyumba ya zipinda zitatu.

"Tibwerere ku Kawale," anatero Fatu.

"Kukakhala kwa yani? Nanga chifuwa cha mwanayu?" anafunsa Kassimu.

Lachinayi kusanache bwino, Fatu anamubereka Aliya, namufunditsa bulangete mpaka kumutu, napita kwa a Jacinta, mayi wa ana anayi wa kuseri kwa mjigo, amene anavomera kumusunga. Anaima pakhomo. Anatsegula pakamwa kuti aodire, mawu aja anakana kutuluka. Anaima choncho ngati wakuba, kumsewu kondakitala akuitanira za m'tauni.

Kumbuyo kwake bulangete linagwedezeka. Kadzanja kofunda kanatuluka, kanafufuza pakhosi pake, kenaka kanagwira khutu lake n'kuyamba kulisisita.

"Odi," anatero Aliya ndi mawu a tulo.

Fatu anayankha monong'ona: "Ndili pano, mwanangu."

A Jacinta anali atamva kale mawu pakhomo. Loko analira, chitseko chinatseguka. "Lowani, lowani! Mlendo wathu ndi ameneyu? Bwera kwa anti, bwera."

Minibasi inaimba hutala kawiri. Fatu anawerama, nayamba kumasula mfundo ya chitenje pachifuwa. Inali mfundo yomwe ankamanga tsiku lililonse, koma zala zake zinalimbana nayo nthawi yaitali.

"Khutu lakumanzere," anatero osayang'ana a Jacinta kumaso. "Pang'onopang'ono."