Misomali Inayi Kuseri kwa Chitseko

Mlendoyo anapukuta mafuta a nkhuku m'zala zake asanatsegule buku la mbiri ya kampani yake. Tsitsi lometedwa m'mawa linali lisanasesedwe pabwalo. Nkhata yamaluwa apulasitiki imene anabwera nayo inali itatsamira khoma, dzina la kampani lili lalikulu kuposa la malemu a Vitus Kalinde, amene anaikidwa m'manda dzulo lake.

"Zaka makumi asanu, amai," anatero a Mwansa, amene kampani ya migodi ndi zitsulo ya Lufumbwe inawatuma kuchokera ku Zambia. "Mbiri yonse ili umu. Manje tikumanga nyumba yosungiramo zakale. Tamva kuti ba Vitus anasunga tuzinthu twa kumgodi."

Mayi Anastazia, mkazi wa malemuwo, anangoyang'ana mwana wawo Rodrick. Sanafunse kuti wauza mlendoyu ndani. Rodrick ankagwira ntchito yoombola katundu pachipata cha Mchinji, ndipo chaka chonse cha 2003 malole a Lufumbwe ankamudutsa pamphuno n'kukaima paofesi ya munthu wina. A Mwansa anali atamulonjeza kuti akamulankhulira kwa mabwana.

Keziya, mlongo wake wa Rodrick, anatenga bukulo. Linali lolemera, la mapepala oterera. Munali azungu ovala zisoti zoyera, kenako mabwana akuda ovala masuti, kenako azungu ena amene anagula kampaniyo boma litaitaya. Anthu okumba ankaoneka kumbuyo, nkhope zosadziwika ngati matumba a fodya. Bambo ake anakumba kumeneko zaka makumi awiri ndi zinayi, n'kubwerera ku Ludzi ndi bokosi limodzi ndi chifuwa. Anatsokomola zaka khumi ndi chimodzi kampani ili zii. Lero yabwera ndi kamera.

"Lowani muone, bwana," anatero Rodrick.

Anatseka chitseko kuti kuseri kwake kuoneke. Panali misomali inayi, ndipo pamsomali uliwonse panalendewera kamkuwa kozungulira kodindidwa nambala. Titatu tinkawala ngati ta m'sitolo.

"Iyee, izi ndiye zenizeni!" anatero a Mwansa, akutulutsa kamera. "Masiku aja munthu akamatsika pansi ankapachika kake pabolodi, akatuluka n'kukachotsa. Tikatiika m'galasi, pansi pake nsalu yofiira. Alendo azikonda maningi."

"Munatitaya liti timeneti?" anafunsa Keziya.

"Pepani?"

"Ndikufunsa chifukwa tsamba ili likunena za 1974." Anawerenga pang'onopang'ono, akumasulira kuti mayi ake amve. "Akuti madzi analowa m'mgodi wachiwiri n'kuchedwetsa ntchito masiku asanu ndi anayi. Akuti palibe anafa."

"Iwe Keziya, si sukulu ino," anatero Rodrick.

"Ndiye ndikuwerengeranji, achimwene? Bukuli abweretsa okha."

Mayi Anastazia anali atalowa n'kuima pakona. Anayankhula osakweza mawu.

"Madzi atachepa, pabolodi panatsala timkuwa titatu. Kapitawo anauza bambo awo a anawa kuti atichotse akatiponye m'chimbudzi oyendera a boma asanafike. Anati alembe kuti anthuwo athawa ntchito, apita kwawo. Anali akutali, ndani akanafunsa? Jonasi wa ku Dedza. Hashim wa ku Mangochi. Wachitatu wa ku Tete, dzina sankalidziwa. Iwo anatichotsa ndithu, anali ndi mwana wakhanda, uyu waimayu. Koma sanatitaye."

A Mwansa anatsitsa kamera. Anayang'ana wotchi yawo.

"Amai, izo ni zakale. Kampani inasintha manja kawiri."

"Nanga zaka makumi asanuzi mukuwerengera kuyambira liti?" anafunsa Keziya.

"Tengani," anatero mayiwo. "Koma pansi pa galasilo mukalembe maina awo ndi kumene ali."

"Buku linadindidwa kale, amai. Kulibe amene angalole."

Rodrick anapumira m'mwamba. "Amayi, ndili ndi ana atatu. Akufa anafa. Timkuwa timeneti tidyetsa ndani? Bambo anasunga, chabwino, anawapindulira chiyani? Chifuwa?"

Anatambasula dzanja kumsomali woyamba.

"Usachotse." Mawu a mayi ake anatuluka ouma. "Wochotsa amanena kuti munthuyo watuluka. Bambo ako ananamapo kamodzi, bodzalo linawadya mpaka Lachiwiri lapitali. Iwenso ukufuna?"

Dzanja la Rodrick linaima m'malere. Keziya anakumbukira zimene ankaziona tsiku ndi tsiku osazifunsa: bambo ake akamapita kumunda m'mawa ankapachika kamkuwa kawo pamsomali wachinayi, akabwera madzulo n'kukachotsa. Ana ankaseka kuti ndi misala ya kumgodi. Tsiku limene anawanyamula panjinga kupita kuchipatala, anaimitsa anthu pakhomo, akupuma mobanika, mpaka atakapachika.

Rodrick anabweza dzanja n'kulilowetsa m'thumba. A Mwansa anati ayenera kuoloka chipata chisanatsekedwe. Potuluka anajambula nkhata yawo ija kawiri, mbali imene kunali dzina la kampani, ndipo anafunsa ngati nkhuku yotsala angaikulungidwire ya panjira. Za malole sanatchulenso. Bukulo analisiya pampando, ndipo Keziya analiika pansi pa mwendo waufupi wa tebulo. Linakwana bwino.

Galimoto itazimiririka, mayi Anastazia anachotsa kamkuwa kachinayi.

"Awa atuluka," anatero. "Tawaona, tawasambitsa, tawaika."

Anakamanga pamfundo ya chitenje chawo. Kenako anatuma Keziya kukathyola ndimu ndi kutapa phulusa, pakuti linali Loweruka, tsiku lopukuta timkuwato. Anaima kuseri kwa chitseko monga ankaimira amuna awo, n'kuyamba kupukuta timkuwa titatuto kamodzikamodzi, osatichotsa pamisomali.