Matayala Atatu a Ba Enos

Chaka chimene fakitale ya mabulangete inatseka ku Heavy Industrial, azibambo ambiri a mu komboni ya Kanyama ku Lusaka anasanduka alonda a makonde awo. M'mawa pampando, masana pampando, wailesi yopanda mabatire ili pamwendo. Mmodzi mwa iwo anali ba Enos Nkole, dikoni wa ku chalichi, munthu wovala tayi ngakhale Lachiwiri. Amene ankadyetsa nyumba anali akazi awo, ba Mainess, ndi hamala yawo.

Ba Mainess ankaphwanya miyala kumapeto kwa komboni. Ngati simunaonepo ntchito imeneyi, imayenda chonchi: mumaika tayala lakutha pamwala n'kuliyatsa, mwala ukapsa umang'aluka, ndiye mumakhala pansi n'kumagogoda mpaka mulu ukwane woti omanga nyumba agule. Utsi wake umalowa mpaka m'mano. Azimayi analipo khumi ndi awiri, ndipo malo onse anali atawasandutsa maenje. Panatsala thanthwe limodzi lokha, losalala, lalikulu ngati mphasa zitatu. Limeneli palibe ankalikhudza ndi moto. Ngakhale mwana akafuna kukodza pafupi, amake ankamunyamula n'kuthamanga naye.

Chifukwa chake chinali chakudya cha masana, ndipo anayambitsa ndi ba Mainess. Dzuwa likafika pamutu, onse ankazungulira thanthwe n'kutseka maso. Pemphero lili mkati, aliyense ankaika pamwala chimene wabwera nacho: kandolo (mbatata), nshawa (mtedza), chimanga chootcha, kaya chitumbuwa chimodzi. Akati ameni, chakudya chili apo, koma waika ndani, sanaike ndani, palibe akudziwa. Ankagawana mofanana. Tangoganizani, azimayi a mu Kanyama, amene amadziwa ndiwo za mnzawo asanaziphike n'komwe, kutseka maso zaka zinayi osasuzumira!

Tsiku lina ba Mainess atadzutsa mutu anaona amuna awo akubwera, tayi ili pakhosi, akugubuduza matayala atatu. Kunyumba anali atakangana kale za thanthwelo, ndipo ankaganiza kuti nkhani inatha. Ba Enos anafika n'kusanjika matayala pakati penipeni pa mwala.

"Bashi Chibwe, nichani ichi?" anafunsa ba Mainess, kutanthauza bambo a Chibwe, poti mwana wawo woyamba ndi Chibwe.

"Kuli munthu wa lole afuna mwala wabwino," anatero ba Enos. "Unga kunyumba kulibe. Mwala uli apa ungogona monga bwana."

"Apa sipoocha. Ni poyera."

"Poyera? Ine ndine dikoni, niziba poyera. Abusa anabwera kudalitsa apa? Mtanda uli kuti? Amake Chibwe, uyu ni mwala chabe. Kandolo mungadyele paliponse."

Ba Virginia, mayi wa kum'mawa ku Chipata amene pakamwa pake sipadziwa Sabata, anaponya hamala pansi. "Onani Mubemba! Kolwe basila mu sanga, manje bafuna kudya tebulo yathu."

"Imwe ba mbeba khalani zii, nikamba na mkazi wanga," anayankha ba Enos. Azimayi anaseka, poti Abemba ndi anthu a kum'mawa amanyozana choncho za kudya anyani ndi mbewa ngakhale pamaliro. Koma ba Mainess sanaseke. Ankaona bokosi la machisi m'thumba la shati ya amuna awo.

Sukulu analekeza Giredi 3, za mtanda ndi mavesi sankazidziwa ngati amuna awo. Komanso zinali zoona kuti kunyumba kunalibe unga, ufa wa nsima. Anapukuta manja pachitenge n'kuyankhula motsitsa mawu.

"Dzuba yafika pamutu. Lekani tipempheleko kamozi kosiliza. Mukhale na ise. Tikasiliza, muoche."

Dikoni angakane pemphero pamaso pa anthu? Ba Enos anatsitsa matayala n'kuima pamzere. Onse anatseka maso, ba Ennie, wamkulu pa onsewo, nayamba kupemphera m'Chibemba.

Apa ndiye pali nkhani. Ba Enos anasuzumira! Anaulula okha pambuyo pake kwa ba Virginia, ndipo chimene wauza ba Virginia wauza Kanyama yense. Akuti anangotsegula diso limodzi kuti aone matsenga ake. Anaona manja akutuluka m'zitenge, manja ong'aluka, oyera ndi fumbi. Ena anaika kandolo. Ba Ennie anaika theka la chimanga, lina anali atadya dzulo. Ndiye anaona dzanja la akazi awo. Linapita pamwala lopanda kanthu, linagwira mwalawo pang'ono, n'kubwerera.

Ba Mainess sankadziwa kuti akuonedwa. Iwo ankangopempha chimene ankapempha masiku onse a mwezi umenewo, kuti Mulungu awapatse tsiku lina loti nawonso aike kanthu.

"Ameni."

Ba Ennie anagawa milu khumi ndi itatu, wina wa mlendo. Palibe anayang'ana mnzake kumaso. Ba Mainess analuma kandolo kamodzi, yotsalayo anakulunga m'pepala la simenti n'kulowetsa m'chitenge. Atacheuka anapeza amuna awo akuyang'ana pepalalo ngati aona njoka. Ankalidziwa bwino. Madzulo alionse ankalipeza pambale pawo ndi pa mbale za ana, osafunsa kuti lachokera kuti.

"Amake Chibwe," ananong'ona, "kuyambila liti?"

Ba Mainess anazindikira kuti munthuyu waona. "Apa sitifunsa ivo," anatero. "Ndiye chifukwa nipoyera. Idyani."

Ba Enos anayang'ana gawo lawo, nshawa zisanu ndi kachidutswa ka chimanga. Anthu amati anadya misozi ikugwa, koma zimenezo ndi zowonjezera za ba Virginia. Choona n'chakuti anadya pang'onopang'ono, ataimirira, ndipo atamaliza anatola khoko la nshawa limene linagwera pathanthwe n'kukalitaya kutali.

"Manje ochani, ba dikoni," anatero ba Virginia. "Machisi yanyowa?"

Ba Enos anaimika tayala limodzi, n'kufunsa akazi awo kumene kunatsala mwala wina. Ba Mainess analoza kuseri kwa maenje, kumene kuli mwala wakuda wouma umene azimayi onse anaulephera.

"Uja ufuna masiku yatatu," anawachenjeza. "Na mwala wake, munthu wa lole sangaukonde."

"Azaukonda," anatero ba Enos.

Anagubuduza matayala onse atatu, limodzilimodzi, kudutsa m'matope. Utsi utayamba kukwera kutsidyako, ba Mainess anatenga hamala yawo yaikulu n'kuwatsatira. Anawapeza akutsokomola, maso ali psuu.

"Imilirani uku, kwamene mphepo ichokela," anatero ba Mainess. "Ndipo musagwile hamala pafupi na mutu, muzazithyola chala."

"Nipunziseni," anatero ba Enos, n'kukhala pansi pafumbi.