Voliyumu ya a Chivomezi

A Chivomezi sanabadwe ndi dzina limeneli. Anawapatsa ndi anthu a m'maholo momwe ankaimba, chifukwa akamenya gitala mazenera ankanjenjemera, mabotolo n'kumayenda okha patebulo. Chinsinsi chake chinali ampu yawo yakale yokuzira mawu a gitala, yolemera ngati thumba la simenti, yokhala ndi machubu agalasi kumbuyo. Machubu amenewa ali ndi khalidwe lawolawo. Ukawayatsa amayamba afunda kaye, ndipo saimba mokoma mpaka utakweza voliyumu pafupifupi kumapeto. Apo ndi pamene mawu amanenepa, waya umodzi n'kumalira osafuna kuleka. Ukatsitsa, kukoma konse kumathawa.

Akazi awo anapirira zimenezi kuyambira ali pachibwenzi. Mawu awo a tsiku ndi tsiku anali amodzi: "Tachepetsani, bambo." A Chivomezi ankavomera ndi mutu, dzanja osasuntha. Koma kenako mayiwa anadwala matenda a m'makutu, ndipo atachira anatsala ndi vuto loti phokoso lalikulu lililonse linkawabaya m'mutu. Ngakhale mbale ikagwa kukhitchini ankagwira makutu n'kukagona. Ampu inafunditsidwa bulangete n'kukankhidwira kuseri kwa sofa, ndipo mwini wake anasanduka munthu wongokhala ndwii pakhonde.

Ndiye mwana wawo wamkazi womaliza anabwera ndi nkhani ya ukwati.

"Bambo, mudzandiimbire nyimbo ija munkawaimbira Mayi musanakwatirane," anatero. "Komanso Mayi adzakhale pambali panga mpaka kumapeto. Musandiuze kuti ndisankhepo chimodzi."

"Ine ndidzatuluka panja akamaimba," anayankha mayi ake. "Ndinaimva kale nyimboyo, mpaka ndinatopa nayo."

Ananena moseka, koma a Chivomezi zinawapweteka kwambiri. Nyimboyo anaipekera mayi omwewa. Kuiimba iwo ataima panja pamalo oimika magalimoto kunali kuimbira mipando.

Tsiku lina mayiwa atapita kuchipatala kukaonedwa, a Chivomezi anavundukula ampu ija n'kuyesa kuimba voliyumu ili pansi. Zinamveka ngati udzudzu uli m'chitini. Anainyamula, msana ukudandaula, kupita nayo kwa mlamu wawo, mlongo wake wa mayiwa, amene ankakonza mawailesi m'kachipinda kodzaza mawaya ndi fungo la mtovu wosungunuka. Anafika n'kuiyatsa kuti amuonetse vutolo, kenako anapisa dzanja kumbuyo kuti azule waya wa sipika, poganiza kuti alumikize kasipika kakang'ono kamene kanali pashelefu. Mlamuyo anawagogoda chala ndi chigwiriro cha sikuludiraiva.

"Alamu, mlongo wanga munamumaliza makutu, tsopano mukufuna kupha ampu? Ya machubu sizulidwa sipika ili yoyaka. Mphamvu ija ikasowa kopita imabwerera m'mimba mwake, thiransifoma n'kupsa. Paukwatipo mudzaimba ndi pakamwa."

"Nanga nditani?" anafunsa a Chivomezi akuyamwa chala. "Ikakuwa, mayi akuthawa. Ikanong'ona, nyimbo ikuthawa."

Mlamuyo anawaseka kaye mpaka anakhuta, poti mwayi woseka a Chivomezi sunkapezeka kawirikawiri. Kenako anasolola pansi pa tebulo bokosi lachitsulo, losaoneka bwino, lamabowo pamwamba ndi batani limodzi lalikulu kutsogolo. Anazimitsa ampu, anaona kuti nambala yolembedwa kumbuyo kwake ikufanana ndi ya pabokosi, n'kulilumikiza pakati pa ampu ndi sipika.

"Ampu iziganiza kuti ikukuwira sipika," anafotokoza, "chonsecho bokosili likumeza mphamvuyo n'kuisandutsa kutentha. Batani ili ndi limene likugawira sipika zotsalazo. Mukalitsitsa mpaka pansi sipika ikhala chete, muzimvera m'mahedifoni. Koma musalifunditse kanthu, limatentha ngati simbi. Tsopano kwezani monga mwa matenda anu."

A Chivomezi sanakhulupirire, koma anakweza voliyumu mpaka pamalo pawo pakale, anatsinzina, n'kumenya waya. Mawu anatuluka onenepa, okoka, omwe aja a m'maholo, koma osapitirira mawu a munthu wocheza. Mayi wina amene anaima pakhomo ndi wailesi yakufa anapitiriza kulankhula pafoni osatembenuka n'komwe. A Chivomezi anaseka mpaka misozi, ndipo sanachite manyazi kuti mlamu wawo akuwaona.

Kunyumba ankayeserera masana, sipika ili chete, mahedifoni ali kumutu. Akazi awo ankadutsa ndi zochapa n'kuona nkhalamba ikupindika, ikukwinya nkhope, ikuponda pansi, popanda kanthu komveka.

"Misala yanu yafika pabwino," ankatero. "Bola yopanda phokoso."

Koma panali chinthu chimodzi chimene bokosi silikanatha kukonza. Makutu a a Chivomezi eni ake anali atagontha theka chifukwa cha ntchito yawo. Chimene iwo ankachimva ngati kunong'ona, ena ankati ndi kukalipa. Atawafunsa mayiwa kuti batani liime pati, anayankha kuti sakudziwa, chifukwa makutu awo ankadzuka mosiyana tsiku ndi tsiku. Anakana ngakhale kuyesa. Mantha a ululu uja anali atawalowa m'mafupa, ndipo a Chivomezi sanawakakamize. Anaganiza za nkhaniyi masiku angapo, kenako anabwerera kwa mlamu wawo kukapempha mawaya awiri ataliatali.

Tsiku la ukwati, holo inali yaing'ono, ya denga lotsika, yodzaza mpaka kuzitseko. A Chivomezi anaika ampu kutsogolo, koma bokosi lija analikhazika pakampando pafupi ndi tebulo la akwati, mawaya atadutsa pansi pa kapeti. Mtsikana wokongoletsa holo ataona chinthu chonyansacho anachifunditsa nsalu yoyera n'kuikapo maluwa. Mlamu uja anathamanga, suti ikumuthina m'khwapa, n'kuzichotsa zonse nsalu isanayambe kununkha.

Itakwana nthawi, a Chivomezi anayatsa ampu n'kudikira machubu afunde. Kenako, anthu onse akuona, anapotoza voliyumu mpaka kumapeto. Amene ankawadziwa anayamba kusunthira kumbuyo. Azakhali ena anakoka zidzukulu kulowera kukhomo. Mayi ake a mkwatibwi anatola chikwama chawo mwakachetechete n'kuimirira.

A Chivomezi anatsamiritsa gitala, anayenda kukafika pamene panali akazi awo, anawagwira dzanja n'kuliika pabatani la bokosi lija. Linali pansi penipeni.

"Lero voliyumu ili kwa inu, mayi," anatero. "Mukafuna, izi zikhala chete mpaka nyimbo ithe. Ine ndiimbabe."

Mayiwa anakhala pansi, chikwama chili pamiyendo. A Chivomezi anabwerera kutsogolo n'kumenya waya woyamba. Sipanamveke kanthu. Anapitiriza, zala zikuyenda, thupi likugwedera, holo yonse ikungomva timawaya tikukwalakwata. Kumbuyo wina ananong'ona kuti zaphulika, wina anaseka. Thukuta linatsika m'khosi mwa a Chivomezi. Munthu amene ankagwedeza mazenera anali akuimba nyimbo yosamveka pamaso pa apongozi awo atsopano, koma sanayang'ane ampu kapena mlamu wawo. Ankangoyang'ana dzanja lija.

Dzanjalo linasuntha pang'ono. Mawu anabwera chapansipansi, ofunda, athunthu, ndipo kuseka kuja kunatha. Mayiwa anapendeketsa mutu kudikira kuti ululu ubwere. Sunabwere. Anapotozanso pang'ono, n'kuima pamene makutu awo anawauza. Kwa nthawi yoyamba anthu anamva gitala ya a Chivomezi osagwira m'makutu, ndipo anazindikira kuti mkuluyu ankadziwadi kuimba. Azakhali aja anabwerera ndi zidzukulu zawo. Mkwatibwi anali akulira poyera, zodzola zikuyenderera, mwamuna wake akusowa pogwira.

A Chivomezi anafika pamalo paja pamene waya umodzi umalira nthawi yaitali. Anaukankha, anaugwedeza, ndipo machubu anachita ntchito yawo monga kale. Mtima wawo unadzaza chimwemwe choti sanachimvepo ngakhale m'maholo akuluakulu. Atayang'ana kutebulo anaona chikwama chija chili pansi, phazi la mayiwa likuponda motsatira nyimbo.

Nyimbo itatha anthu anafuna kuwomba m'manja mwamphamvu, koma mlamu uja anaimirira n'kuwatonthoza ndi manja onse awiri, ndipo anawomba mofatsa, ena akungogwedeza mipango m'mwamba. A Chivomezi anapita kutebulo kuja, gitala ili pamimba, akupuma movutikira.

"Mutu uli bwanji?" anafunsa.

Mayiwa sanachotse dzanja pabatani, ngakhale bokosilo linali litatentha ndithu.

"Bwererani kutsogoloko, bambo," anatero. "Yambaninso. Poyamba paja sindinamve."