Bulauzi ya Mabatani Akutsogolo

"Taima bwino iwe, ndingakubaye," anatero Atelala, mapini ali kukamwa.

Mwana wa malemu mkulu wawo anali pagalasi, akuyesa diresi la ukwati. Anapendeketsa mutu momwe ankachitira mayi ake, Atelala n'kuyang'ana kumbali. Ankawasowa kwambiri mkulu wawoyo, makamaka masana, nthawi imene ankabwera kudzakhala pakhomo la shopu n'kumanyoza masitayilo a makasitomala. Khansa ya m'mawere inawatenga itadziwika mochedwa.

"Mayi aang'ono, kojambulitsa mawere kuja munapita?"

"Ndipita ndikatsiriza diresili."

"Chaka chatha munkati mukatsiriza mayunifolomu."

"Zaka makumi anayi ndi ukalamba? Ndimadzigwira posamba, palibe chotupa. Ndiye ndikavule pamaso pa anthu, makina andifinye ngati akusita nsalu?"

Mtsikanayo anaseka. "Inuyo mumawavula azimayi tsiku ndi tsiku muno ndi tepi yanuyo! Mbewa ya manyazi idafera kuuna." Kenako nkhope inagwa. "Amayinso ankadzigwira. Adokotala anati makina aja amaona kanthu kochepa ngati njere ya mpunga, dzanja lisanakamve. Akanajambulitsa pamsinkhu wanuwu, mwina bwenzi lero ali pakhomopo, akunyoza diresili."

Atelala anapitiriza kubaya mapini. Povula diresi, mtsikana uja anagwira msoko wa m'mbali.

"Nanga nsalu yonseyi mwasiyiranji m'katimu?"

"Ya mawa imeneyo. Ndimasiya m'chovala chilichonse. Ukadzanenepa ndi ana tidzafutukula."

"Adzafutukule ndani, mayi?"

Mtsikanayo atachoka, Atelala anatsegula kabati n'kutulutsa bulauzi yobiriwira. Anawasokera mkulu wawo pamene mkono unakana kukwera, nchifukwa chake mabatani anawaika kutsogolo. Namonso anasiyamo nsalu ya mawa, koma mawalo silinafike. Bulauziyo ankangoichepetsa mwezi ndi mwezi. Anainunkhiza, koma fungo la mwini wake linali litatha kalekale, ndipo mtima unawawawa.

Anatenga lumo laling'ono, anasomola misoko yonse, n'kuifutukula mpaka itawakwana.

M'mawa mwake shopu sinatsegulidwe. M'kachipinda kozizira ka kuchipatala, namwino anawaonetsa poima.

"Vulani kumtunda kokha, mayi. Koma bulauzi yokongola! Ndi yanu yosoka nokha?"

"Ndi ya akulu anga," anayankha Atelala. "Andiperekeza."

Kenako anamasula batani loyamba.