Diresi la a Hedi ndi Kabandulo Kakang'ono

Amuna anga ndi telala, ndipo ndi telala wabwino, apo sindingawanamizire. Ine ndimakhala chakukhomo kwa shopu ndi simbi yanga, kusita, kusokerera mabatani ndi kukangana ndi makasitomala. Chilema chawo n'chimodzi: kuumira. Ulusi ukagwa pansi amautola n'kuukulunga pa kamtengo ka machesi.

Masiku ano anthu sabweranso ndi chovala chakale kuti mundisokere ngati ichi. Amatumiza chithunzi pa foni. Ndiye a kampani ya foni, anthu osagona tulo aja, anagawa mabandulo awo patatu. Pali yaikulu, ya mabwana, yoonera mafilimu mpaka maso kufiira. Pali yapakati, imene imatsegula zithunzi bwinobwino bola usamaiseweretse. Kenako pali kakang'ono, konyamula mawu olemba basi. Chithunzi chikabwera chimangooneka mbuu, ngati munthu waima kuseri kwa utsi, pakati pali kamuvi koti udine. Ukangodina, kabandulo katha, foni n'kuyamba kudya mayunitsi ngati mbuzi yalowa m'dimba.

Abambo amagula kakang'onoko. Kakatha amagula kena, kakatha kenanso, moti mayi wogulitsa mayunitsi pakona paja amachita kuwasungira mpando.

"A Telala, bwanji osangogula yapakati kamodzi?" amawafunsa mayiyo. "Ting'onoting'onoti mukatiphatikiza n'todula kuposa."

"Ine sindidyetsa ana a eni kampani," amayankha choncho, uku akupisa m'thumba.

Ndiye anatulukira njira yawoyawo. Chithunzi chikafika sadina. Amaitalikitsa foni mpaka mkono kuwongoka, kutsinzina diso limodzi, kupendeketsa mutu, n'kulengeza kuti, "Khosi lozungulira, manja aafupi, kumunsi kotambasuka." Ndipo nthawi zambiri amalasa, poti madiresi ambiri ndi amodzimodzi, amasiyana ndi mimba za eni ake. Kulasalasako n'kumene kunawatupitsa mutu.

Tsono pali a Hedi a pasukulu ya pulayimale ili kumtunda kwa msewu wathu. Yunifolomu yonse ya pasukulupo, malaya, madiresi, makabudula, timasoka ndife chaka chilichonse, ndipo ntchito imeneyo ndi imene imatisunga m'shopu muno. Zina zonsezi ndi mazipi ndi mathalauza ong'ambika pakati. Kutsidya kwa msewu kuli telala wina, timamutcha Chigamba, amene wakhala akuwalonjera a Hedi ndi manja awiri ndi kuwanyamulira chikwama ngakhale chilibe kanthu.

Mwana wamkazi wa a Hedi ankakwatiwa. A Hediwo anabweretsa nsalu yoti tiwasokere diresi la paukwatipo, yonyezimira, yofiirira, imene mchemwali wawo anawatumizira kuchokera kunja, yosapezeka m'sitolo iliyonse kuno. Abambo anawayeza, iwo n'kunena kuti chithunzi atumiza akafika ku ofesi.

Chinafikadi, mbuu monga mwa nthawi zonse.

"Bambo, ichi chokha dinani," ndinatero.

"Ndidine chifukwa chiyani? Ndikuona zonse."

"Nanga chozungulira chili paphewacho n'chiyani?"

"Sitayilo imeneyo, mayi, duwa la paphewa. Inu zanu ndi simbi."

"Mikono nayo sikuoneka bwino. Diresili lili ndi manja kapena ayi?"

Anatsinzina diso linalo, n'kupendeketsa mutu mbali ina. "Lilibe. Nsalu yonse yapita ku duwalo."

"A Hedi? Amene amabweza mwana kunyumba chifukwa cha diresi losafika m'maondo? Akaonetse m'khwapa pa ukwati wa mwana wawo?"

"Anthu amasintha akakhala pa ukwati."

Foniyo anaiponya m'thumba la malaya n'kumanga batani. Yanga ndi ya mabatani, yongoimbira ndi kuunikira pansi pa tebulo singano ikagwa, ndiye ndinangothira makala m'simbi.

Kunena zoona, anachigwirira ntchito chinthucho. Nsalu anaipinda timizeretimizere tofanana, kuikamo yolimbitsira makolala, kuzunguliza waya wa hang'ala m'mphepete, pakati n'kusokererapo batani lalikulu lokutira. Chinaima chilili paphewa lakumanzere, chachikulu ngati chivundikiro cha ndowa. Anthu odutsa ankasuzumira. Abambo ankaimba mluzu.

A Hedi anabwera kudzayeza masana, ukwati uli mawa lake. Analowa kuseri kwa katani ndi diresi lawo. Kenako tinamva waya akukhula khoma. Potuluka anachita kudzera cham'mbali, mikono ili pamtunda mpaka m'mapewa, khutu lakumanzere losaoneka. Atatembenuka kuti ayang'ane pagalasi, chinthucho chinasesa ulusi wonse pa shelefu.

"A Telala," anatero ndi mawu aja amayankhulira pa asembule, "ichi n'chiyani?"

"Sitayilo, madamu. Monga mwa chithunzi."

"Chithunzi chiti?"

"Chomwe munatumiza chija."

A Hedi anatulutsa foni yawo m'chikwama. Iwo ndi a bandulo yaikulu, chithunzi chinangoti ng'anii nthawi yomweyo. Munali mayi ataima pabalaza, atavala diresi laulemu, losachulutsa zokongoletsa, manja aatali mpaka m'zikhatho. Kumbuyo kwake, chakuphewa lakumanzere, kunali fani yoimika pansi.

"Imeneyi ndi fani, a Telala. Fani yamagetsi. Chingwe chake ndi ichi, chikupita kukhoma."

Abambo anavala magalasi. Anayang'ana nthawi yaitali, maso onse awiri ali otsegula kwa nthawi yoyamba.

"Komatu anaima nayo pafupi kwambiri," anatero.

"Simunachitsegule chithunzichi?"

"Madamu, mabandulo a masiku ano..."

"Ndafunsa kuti munachitsegula kapena ayi?"

Anayang'ana pansi ngati mwana wa Sitandade 2 wogwidwa akudya m'kalasi. Kutsidya kwa msewu Chigamba anali atatuluka, tepi ili m'khosi, akunamizira kukutumula nsalu yopanda fumbi.

"Mayi," a Hedi anatembenukira kwa ine, fani n'kugwetsa kalendala, "ndipatseni nsalu yanga yotsala. Ndiwoloka msewu. Ndipo ndikawoloka lero, ndawoloka ndi yunifolomu yomwe."

"Yotsala mwaivala paphewapo, madamu. Ndipo uyo mukumuonayo akakusokerani manja, lina likaloza kumpoto lina kumwera. Vulani, khalani pampandopo. Bambo, lezala."

"Mayi, mukudziwa ntchito imene ndinagwira pa..."

"Lezala, bambo."

Anandipatsa. Ndinasomola chinthucho paphewa, kusolola waya, kuchotsa yolimbitsira ija, n'kuyamba kumasula timizere tija kamodzikamodzi. Abambo ankausa moyo pa msoko uliwonse ngati ndikuwachotsa mano. Ndinayala nsaluyo patebulo, kuika kansalu konyowa pamwamba, simbi n'kuchita zake. Makwinya a nsalu yonyezimira ndi amakani, koma ine ndakhala ndi amuna angawa zaka zambiri, makani sandiopsa.

A Hedi anakhala chowongoka, chikwama pamiyendo, akuyang'ana wotchi. Mayi wa mayunitsi anabwera kudzasuzumira.

"A Telala, lero simunabwere. Ndikusungireni kakang'ono?"

"Chokani apa, mayi inu!"

Nsalu itawongoka, ndinaikankhira kwa abambo. Apa ndiye anaonetsa kuti ndi telala. Anayala, kuzunguliza uku ndi uku, kulemba ndi choko, kufufuta, kulembanso, mpaka m'chozungulira chija munatuluka manja awiri. Pamene panaperewera analumikiza kunsi kwa mkono, malo oti munthu sangaone pokhapokha a Hedi atakweza manja kumwamba, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Makina analira osapuma. Palibe anaimba mluzu.

A Hedi atayezanso, diresi linawakhala ngati anabadwa nalo. Anatembenuka uku, kutembenuka uko, kufunafuna cholakwika monga amachitira ndi makope a ana.

"Manja afupika," anatero. "Angopitirira chigongono pang'ono."

"Kukutentha masiku ano, madamu," ndinayankha, "ndipo fani tachotsa."

Milomo yawo inagwedera pang'ono, koma anaigwira. Munthu wa udindo saseka pamaso pa wolakwa. Ndinalisita diresilo, kulipinda, kuliika m'pepala. Atafika pakhomo anaima, n'kuyang'ana kutsidya kumene Chigamba anali atayamba kale kuwerama.

"Za yunifolomu," anatero. "Malaya ndi madiresi a atsikana zipita kutsidyako. Inu musoka makabudula."

"Makabudula okha, madamu?" abambo anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Okha. Kabudula ali ndi miyendo iwiri. Ndikhulupirira kuti simuwonjezera wachitatu."

Anapita, nsapato zikulira pakhonde.

Shopu sitinatseke. Anyamata a pasukulupo ndi ambiri, ndipo amang'amba kumbuyo teremu isanathe, Mulungu awadalitse. Koma m'mawa uliwonse atsikana amadutsa pakhomo pathu atavala madiresi a Chigamba, mipendero yokhota, kolala ina kukwera ina kutsika, ndipo abambo amatembenuzira mpando wawo kukhoma mpaka belu litalira.