Mtengo wa Mango Wovala Nsalu

Amake Rinten anali ndi ntchito ziwiri pa hotela ija ya pakati pa minda ya mpunga. Yoyamba ndi imene bwana ankaidziwa: kuluka timadengu ta nsembe ndi masamba anthete a kokonati, kuikamo maluwa, n'kumatigawa m'mawa uliwonse pakachisi, pamakomo a alendo, padziwe losambiramo, ngakhale pa pampu ya madzi, lubani ali tolotolo. Yachiwiri anadzilemba okha: kugona masana pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa dimba la maluwa, miyendo atatsamiritsa pathunthu, mkonono ukupikisana ndi achule.

Mtengowo anabzala ndi malemu amuna awo, malowo akadali munda wawo. Unatengera mwini wake: wamtali, wamthunzi wabwino, koma waulesi wotheratu. Chaka chilichonse pa tsiku lothokoza mitengo ankaupatsa phala, kuugogoda ndi mpeni, kuuchonderera kuti ubereke. Mtengowo unkalandira phalalo n'kubereka masamba.

Tsiku lina masana anawadzutsa ndi Arsana, mwana wa mchimwene wawo, amene ankayang'anira hotelayo.

"Azakhali, musakwiye. Mawa kubwera a Lodra ndi makina awo odulira mitengo. Alendo akufuna katungwe, azijambulitsa akuuluka pamwamba pa mpunga, phiri likuoneka kumbuyo. Mtengowu ukutchinga phiri."

"Chiphiri chonsecho kutchingidwa ndi mango? Alendowo asunthe, miyendo ali nayo, italiitali."

"Komanso subereka, azakhali."

"Iwe unatha zaka zingati m'banja mkazi wako asanaime? Tinakudula?"

Arsana anaseka mpaka kupukuta misozi, koma mawu ake sanabweze.

M'mawa mwake, abakha asanatuluke m'khola, Amake Rinten anadzera kuchipinda chodyeramo alendo, n'kutulukamo mimba itakula pang'ono. Atafika pa mango paja anasolola nsalu ya mabokosibokosi akuda ndi oyera, n'kuuveka mtengo m'chiuno bwinobwino ngati mkwati. Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti mtengo wovala nsalu yotere uli ndi eni ake osaoneka, ndipo suukhudza ndi nkhwangwa. Anaika kadengu ka maluwa patsinde, n'kupita kukasesa chapatali, diso limodzi lili komweko.

A Lodra anabwera makina ali paphewa, akuimba mluzu ndi mano awo atatu. Atangoona nsalu, mluzu unathera m'kamwa. Anatula makina pansi mwaulemu ngati akugoneka khanda.

"Iwe nkhalamba," anaitana, poti anakulira limodzi, "mangowa ayamba liti kuvala?"

"Ndingadziwe bwanji ine? Mwina akumva kuzizira."

Arsana atafika anazungulira mtengo, n'kugwira m'mphepete mwa nsaluyo, pamene panali kadzina ka hotela kosokedwa ndi ulusi wofiira.

"Azakhali, nsalu iyi dzulo alendo anadyerapo zakudya zamadzulo."

"Ndiye yakwezedwa pa ntchito."

"A Lodra, mwamva nokha. Ndi ya pathebulo. Dulani."

A Lodra anakanda m'mutu. "Bwana, yachokera kuti, zimenezo n'zanu. Ine ndikuona mtengo wovala. Nanga ngati wina anadutsa m'mamawa, n'kuona nyumba yokonzakonza, n'kulowa? Makina ndi awa, mafuta alimo. Dulani ndinu, ine ndikugwirirani foni."

Arsana anayang'ana makina, anayang'ana mtengo. Mkazi wake anali wotopa, mwezi wake uli pafupi. Manja anangowalowetsa m'matumba. Anatuma munthu kukaitana a Renga, wansembe wa kachisi wa m'mudzi.

A Renga anabwera kuchokera kumunda, matope ali m'maondo. Anamvetsera onse atatu akutafuna masamba awo a sirih, otafuna ngati fodya, ndipo Amake Rinten anayamba kuopa. Kunamiza mwana wa mchimwene wako n'kopepuka. Koma apa anali atanamiza ndi ena osaoneka, amene sakhala ndi ofesi.

"Mayi," anatero a Renga pomaliza, "mwayala mphasa, mwatsekula chitseko, mwaika chakudya. Kumeneko ndi kuitana. Kaya mlendo wafika kale kaya ali m'njira, sindingalumbire. Koma woitanidwa sathamangitsidwa. Mtengo ukhale."

Amake Rinten anayamba kumwetulira.

"Musafulumire kuonetsa mano. Woitana ndiye wodyetsa. M'mawa ndi madzulo, inuyo, osati wina. Mugule nsalu yeniyeni, ya pathebuloyi ibwerere kwawo. Ndipo ndamva zoti mumagona pano miyendo ili m'mwamba. Munthu salozetsa mapazi kunyumba ya eni ake. Zimenezo zatha lero."

"Ngakhale kungotsinzina pang'ono, chokhala?"

"Inu mukatsinzina amamva ndi a kutsidya kwa ngalande," anatero a Lodra. "Mlendoyo angasamuke tsiku lomwelo."

Katungwe anakamangirira pakati pa mitengo iwiri ya kokonati kumunsi kwa munda, kumene phiri limaonekanso bwino lomwe, kungoti alendo amabwerako nsapato zili ndi za abakha. Arsana anadandaula mlungu umodzi, kenako anaiwala. Mwana atabadwa, iye yemwe anabwera ndi kaambulera kachikasu n'kukazika patsinde pa mango, osayang'ana azakhali ake kumaso.

Madzulo a tsiku loyamba lija, Amake Rinten anagwada pamtengo, kadengu m'manja, ndipo anachita manyazi ngati mkamwini pakhomo pa apongozi. Anakupiza utsi wa lubani ndi duwa, n'kunong'ona:

"Kaya ndinu ndani mwalowamo, takulandirani. Pepani, kaitanidwe kake kanali kokhotakhota. Malowa ndi abwino, mphepo imachokera kumpunga, ine ndawayesa zaka zambiri. Mango musayembekezere."

Anadzuka maondo akulira, n'kusisita khungwa la mtengo kamodzi. Kenako anauyamba wopita kuseri kwa nyumba yochapira, kumene anali ataona mulu wa matawulo ofunda, abwino kugonapo, opanda wowalondera.